Kuimba ngati kaseti si luso, anyamata inu

Pali mawu amene ndatopa nawo m'maukwati, m'matchalitchi ndi m'mabwalo a zisangalalo kuyambira pa Mpingu, kudzera pa Msundwe mpaka pa Namitete, ndi uko kwa Kabudula, pa Nsaru mpaka ku Nambuma. Mnyamata akaliza gitala anthu n'kutengeka, mumva wina akuti: "Koma mwana ameneyu ndi katswiri! Akuimba ndendende ngati kaseti." Makaseti adatha kalekale, nyimbo lero zili m'mafoni ndi m'timakhadi, koma mawuwa akadalipo, ndipo owanenawo amayesa akuyamikira. Ine ndikuti kumeneko n'kutukwana. Munthu wamoyo, wa magazi ndi zala khumi, mukumuombera m'manja chifukwa wafanana ndi kapulasitiki?

Tinene chilungamo. Oimba gitala m'dera lino achuluka kuposa kale, ndipo zala zawo n'zothamanga kuposa za makolo awo. Mnyamata wa pa Nsaru amatchajitsa foni pa sola, n'kukhala pakhonde pa golosale mpaka pakati pa usiku akuonerera pa YouTube momwe Mkongo amathamangitsira zala pa sebene. Abwereza, abwerezanso, mpaka atazigwira. Khama limeneli sindikulinyoza ayi. Chikundiwawa n'chakuti mukatsinzina simungadziwe kuti akuimbayo ndani. Wa pa Mpingu, wa ku Nambuma, wa ku Area 25 m'tauni, gitala zawo zikulira chimodzimodzi. Uyu ndi Alick Macheso wosapsa, uyo ndi Mkongo wosadziwa Chilingala, winayo wangotola makodi anayi a nyimbo zauzimu za ku South Africa ndipo adzafa nawo omwewo.

Ndiye mukudabwa chiyani kuti eni ukwati masiku ano akuitana mnyamata wa masipika ndi kakhadi m'malo mwa bandi? Ngati ntchito yanu ndi kubwereza zomwe zili pakhadi, dziwani kuti khadiyo imabwereza bwino kuposa inu. Sidya nsima, sipempha ya thiransipoti, sidula nsambo perekaniperekani ali m'kati. Woimba wongotengera akupikisana ndi makina pa ntchito imene makina adapangidwira, ndipo mpikisano umenewo adaluza asanauyambe. Nkhani ino si ya kukoma kwa nyimbo kokha, ndi ya ndiwo za ana anu.

Koma ndisawakalipire anyamata okha. Mlandu waukulu uli ndi akuluakulu a mabandi ndi a makwaya. Ndawamva ndi makutu angawa akuimitsa pulakatisi chifukwa wa gitala waponyamo kanthu kake: "Iwe, zimenezo wazitenga kuti? Mu nyimbomo mulibe zimenezo. Bwerera." Mnyamata uja n'kuzyolika, n'kubwerera ku zomwe zili pafoni. Kawiri, katatu, basi waphunzira kuti maganizo ake ndi cholakwa. Bambo a kwaya, mukudziwa chimene mwapha pamenepo? Mwina chimene adaponyacho chidali chosakoma, zoona, zoyamba sizikoma. Koma mbewu siikumbidwa tsiku lachitatu kuti tione ngati yabereka.

Ndikudziwa chomwe mundiyankhe. Muti palibe amene adabadwa akudziwa, aliyense amayamba n'kutsanzira. Eya, ndavomera, ndipo mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Funso langa n'lakuti: mukatha kutsanzira mumapita kuti?

Taonani Daniel Kachamba wa m'mudzi wa Singano ku Chileka. Kwela adaimva ali mwana ku Salisbury, Harare ya lero, ndipo kwelayo idali nyimbo ya m'makomboni a ku Johannesburg. Ya eni ake, yobwera. Iye ndi mng'ono wake Donald adaitenga, n'kubwera nayo kwawo, n'kuiphika ndi zakwawo. Daniel adamvanso rumba ndi zina za kum'mawa kwa Africa, zonsezo n'kuzilowetsa m'zala zake, mpaka gitala imodzi inkamveka ngati akuimba ndi anthu awiri kapena atatu. Gerhard Kubik wa ku Vienna atakumana nawo ku Blantyre mu 1967 sadatsalire kuno chifukwa anyamatawo ankafanana ndi Spokes Mashiyane. Akadafuna Mashiyane akadagula mbale yake. Adatsala nawo, n'kuwajambula zaka ndi zaka, chifukwa adamva chinthu chimene kwina kulikonse kudalibe. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma ngakhale lero gitala ya Kachamba ikalira pa wailesi simufunsa kuti ndani.

Nanga sungura imene mukuifera inuyo? Iyonso idayamba ngati yobwereka: rumba ya ku Congo ndi nyimbo za ku Kenya ndi Tanzania zomwe zidalowa m'Zimbabwe pa mbale za galamafoni. Ena mwa amene adaisandutsa ya ku Zimbabwe ndi ana a Amalawi omwe makolo awo adapita kukagwira ntchito m'mafamu, monga Nicholas Zakaria ndi Macheso yemweyo. Macheso adatenga besi, imene aliyense ankaiyesa ya kumbuyo, yongosunga kayendedwe ka nyimbo, n'kuiika kutsogolo kuti iziyankhula. Akadamvera mkulu wa bandi wonena kuti "mu nyimbomo mulibe zimenezo", bwenzi lero mukutsanzira ndani? Chomvetsa chisoni n'chakuti inu mukutengera zala za Macheso koma mtima umene udamupangitsa kukhala Macheso mwausiya.

Chitsanzo chimene ndimachikonda koposa ndi cha Jonah Sithole, yemwe ankaimbira Thomas Mapfumo gitala m'zaka za m'ma 1970. Anyamata a ku Rhodesia nthawi imeneyo ankatsanzira nyimbo za Azungu ngati momwe inu mukuchitira ndi za Akongo. Sithole ndi anzake ena adatembenuza khutu n'kumvera mbira ya makolo awo, n'kufunsa kuti kodi gitala yamagetsi singalire chotere? Adapeza kuti ukatsamiritsa chikhatho pang'ono pa nsambo kuti zisamalire nthawi yaitali, mawu ake amadukaduka ngati a mbira. Kanthu kakang'ono, ka chikhatho chabe. Koma nyimbo za chimurenga zidaima pa kanthu kameneko.

Tsono tibwere kwathu kuno, chifukwa apa ndi pamene ndimapsa mtima. Dera lochokera pa Namitete kukafika ku Nambuma si chipululu cha nyimbo. Ndi pakati penipeni pa Uchewa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo inu alimi a fodya mwambi umenewu simufunika kumasuliridwa.

Yambani ndi mtondo. Zigayo zachuluka, inde, koma amayi sadaleke kusinja. Akakhala awiri pa mtondo umodzi, musi wa uyu ukamatsika wa uyo ukukwera, sagundana, ndipo nyimbo yawo imayenda pakati pa misi iwiriyo. Imeneyo ndi sukulu ya gitala yaulere. Chala chamanthu chikhale musi woyamba pa nsambo zazikulu, chamkombaphala chikhale musi wachiwiri pa zazing'ono, chimodzi chikagunda chinzake chidikire. Kaimbidwe ka zala ziwiri kameneka ndi kamene kadatchukitsa Jean Bosco Mwenda wa ku Katanga pamene Hugh Tracey adamujambula mu 1952, ndipo akuluakulu a banjo ndi gitala m'midzi muno ankakadziwa popanda wowaphunzitsa wa pa intaneti. Lero mnyamata wagwira kapulasitiki kokandira nsambo, zala zinazo zangoti lende ngati zopuwala, chifukwa mphunzitsi wake wa pafoni sadamuuze kuti zili ndi ntchito.

Bwerani pabwalo. Ng'oma zikamalira, mpanje ndi gunda zimasunga njira, koma mbalule ndi ina. Woimba mbalule maso ake sakhala pa ng'oma yake, amakhala pa mapazi a wovina. Wovina akapalasa iye apalasa naye, akadukiza iye adukiza, akaima mwadzidzidzi ng'omanso iti zii. Palibe magule awiri amene amawaimbira chimodzimodzi, ndipo m'mudzi aliyense amadziwa kuti lero pa mbalule pali uje ngakhale asanafike pabwalo. Kumeneko ndiye kukhala ndi dzanja lakolako. Tsopano muyang'aneni wa lidi gitala wathu paukwati. Mutu uli pansi, maso ali pa zala, akuwerenga m'mutu kuti apa Mkongo uja adatere. Amayi a chimtali avina mpaka fumbi kobo, iye sadawaone n'komwe. Akadakweza maso n'kutsata chiuno cha mayi mmodzi yekha kwa mphindi ziwiri, akadaimba chinthu chimene sichili pa foni ya munthu aliyense padziko lapansi. Osanenanso za mganda ndi malipenga ake a zikho, amene amayankhizana mawu m'njira yoti woimba gitala wanzeru akadaiba kalekale.

Chachitatu n'chimene anthu sachiganizira: chiyankhulo. Chichewa chili ndi nyimbo yakeyake m'kamwa. Mtengo womera m'munda ndi mtengo wa fodya ku okushoni timalemba mofanana, koma potchula mawu amakwera ndi kutsika mosiyana, ndipo mwana wa zaka zisanu sasokoneza. Sebene adaiumba pa Chilingala, sungura pa Chishona. Mukatenga kayendedwe ka gitala ka kumeneko n'kukakamizapo mawu a Chichewa, mawuwo amapindika, pokwera atsika, potsika akwera, n'chifukwa chake nyimbo zambiri za mabandi athu agogo amafunsa kuti "akuti chiyani ameneyu?" pamene akuimba chiyankhulo chawo chomwe. Allan Namoko, wakhungu uja wa ku Thyolo amene adatisiya mu 1995, sadali ndi vuto limeneli. Banjo yake ndi Chimvu River Jazz Band zinkayenda momwe anthu a kwawo amayankhulira ndi momwe ng'oma za Alhomwe zimalirira. N'chifukwa chake ngakhale Mchewa wa kwa Kabudula amene sadapondeko ku Thyolo ankamva mawu alionse, n'kulira nawo.

Ndikupatseni ntchito, inu amene mumati kupeka n'kovuta. Tengani chiganizo chimodzi chimene agogo anu amakonda kunena, kaya pokalipira nkhuku kaya poitana mwana kudambo. Chiimbeni pa nsambo imodzi, popanda kutsegula pakamwa, mpaka mlongo wanu ali kukhitchini aseke n'kunena kuti "amenewo ndi agogo". Tsiku limenelo mwapeka. Zitenga sabata, mwina mwezi, ndipo n'zovuta kuposa kuloweza sebene, poti palibe woti mumuonere.

Dandaulo lina ndimalidziwa: zida. Akuti tilibe magitala abwino, tilibe amplifaya, nsambo n'zodula ndipo mpaka ukazipeze m'tauni. Zoona, umphawi ulipo, sindikuukana. Koma musaunamizire. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band adayenda wapansi zaka zambiri kuchokera ku Mtandire kukaimba m'misewu ya Lilongwe, pafupi pomwepa, ulendo wosakwana tsiku pa njinga kuchokera pa Mpingu. Zida zawo? Babatoni wa nsambo imodzi, gitala ya nsambo zinayi, ndi ng'oma yogunda ndi chidendene. Mu 2017 adakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, mu 2019 kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa chimbale chawo cha Wasalala, ndipo kuchokera apo akhala akuzungulira ku Ulaya. Azungu amene amalipira kuti awaone ali ndi magitala a nsambo zisanu ndi imodzi odzaza m'masitolo mwawo. Chimene alibe ndi kalilidwe kaja. Nsambo zinayi zidawakakamiza anyamatawa kupeza njira yawoyawo, poti za pa YouTube sizikwana pa nsambo zinayi.

Makolo athu oimba banjo za zitini ndi waya wa mabuleki a njinga ankachuna chida malinga ndi mawu awo. Wa mawu aakulu ankamasula, wa mawu aang'ono ankamanga pensulo ndi mphira pakhosi pa gitala kuti ikwere. Ena ankagoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereza botolo kapena mpeni pa nsambo, kaimbidwe kaja ankakatcha hauyani. Lero aliyense ali ndi kapulogalamu kochunira m'foni, ndipo kakati nsambo yalakwika ndiye kuti yalakwika basi, ngakhale khutu likukondwa. Magitala onse kuchokera pa Namitete mpaka ku Nambuma achunidwa ndi khutu limodzi la kampani ya kutsidya kwa nyanja. Mudzasiyana bwanji? (Pano ndipatuke pang'ono: amisiri a matabwa a pa Namitete mbiri yawo ya mipando ndi makama idafika patali. Ndimadabwa kuti bwanji oimba sapita kwa mmisiri kukakhala naye pansi n'kumuuza gitala imene akufuna, ya nsambo zingati, ya mimba yotani. Chida chopangidwira iwe chimayamba kale kukusiyanitsa ndi anzako usanachikhudze.)

Tsono pali ena a mapemphero amene tsitsi laima kale chifukwa ndatchula mbalule. Akuti mlembiyu akufuna kulowetsa zakudambwe m'tchalitchi. Khalani pansi, abale anga. Sindikutuma mwana wa munthu kudambwe, ndipo za kumeneko zili ndi eni ake. Ndikunena zomwe zimalira pabwalo masana dzuwa likuswa mtengo, zimene mkhristu, msilamu ndi mlendo wodutsa pa njinga amamva onse. Ng'oma kale zinkaletsedwa m'matchalitchi. Akatolika atatha msonkhano wawo waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 zidalowa, ndipo denga silidagwe. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a KuNgoni mu 1976 n'kutha moyo wawo akuphunzira miyambo yomwe ifeyo timachita nayo manyazi. UNESCO idalemekeza gule wamkulu mu 2005. Ndiye tinene kuti kayendedwe ka ng'oma ya ku Kinshasa, kamene kadakulira m'mabala, n'koyera, koma ka ng'oma ya kwa Kalolo n'kodetsedwa? Chimenecho si chikhulupiriro, ndi kudzinyoza kovala jekete.

Ena akuti zachimidzi sizigulitsa. Afunseni a COSOMA. Mu 2009 Lawrence Mbenjere, amene anthu a m'tauni ankamuseka kuti amaimba Chichewa cha kumudzi, adalandira ndalama zoposa K2 miliyoni za nyimbo zake, kuposa oimba ena onse nthawi imeneyo. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu adaimba ndi kagitala kake m'njira imodzimodzi kwa zaka zoposa makumi asanu osasintha kuti afanane ndi wina, ndipo atapitirira zaka 90 nyimbo yake ya Linny Hoo, imene adaibwereza ndi Patience Namadingo mu 2020, idafalikira pa TikTok mpaka kumaiko amene sadziwa kuti Malawi ali kuti. Ukaipa dziwa nyimbo, adatero akale, koma ankanena nyimbo yako.

Musandimve molakwa, sindikuti tayani gitala yamagetsi muvale zikopa ndi nthenga. Zimenezonso zimandinyansa: bandi yoti chaka chonse imaimba za eni, koma kukabwera alendo a bungwe imamanga zitenje m'chiuno n'kuika ng'oma imodzi kutsogolo kuti "chikhalidwe". Kumeneko n'kutsanziranso, kungoti tsopano mukutsanzira chithunzi chimene mlendo ali nacho m'mutu. Erik Paliani adaphunzira jazi mpaka kufika pokonza chimbale cha Hugh Masekela cha Phola mu 2009, ndipo palibe amene angamunene kuti sadziwa makodi a m'mabuku. Phunzirani zonse, makodi, masikelo, sebene, sungura, ngakhale za Amwenye ngati mwazipeza. Koma zikalowa m'khutu zidutse mwa inu zisanatuluke m'zala. Ng'ombe imadya udzu wa m'dambo la aliyense, koma mkaka ndi wake.

Kwa akuluakulu a mabandi ndi makwaya pempho langa ndi laling'ono, silifuna ndalama. Pa pulakatisi iliyonse siyani nyimbo imodzi yopanda mwini, yoti palibe foni imene ingaweruze. Wa gitala aimbe zomwe zamubwerera, wa besi amuyankhe, inu mukhale chete ngakhale zikukuyabwani. Zikakhala zosakoma muuzeni kuti sizikukoma ndipo mufotokoze chifukwa chake, kaya zaphimba mawu a oimba kaya zathawa ng'oma. Chifukwa chakuti "sizili choncho pa orijino" chisamvekenso. Ndipo mukamapita kuukwati, pakati pa nyimbo makumi awiri za eni muikepo ziwiri zanu. Anthu akakhala pansi mwaphunzira kanthu. Akadzuka kuvina, wa masipika uja alibe nyimbo imeneyo pakhadi pake, ndipo chaka chamawa eni ukwati adzafunika kubwera kwa inu.

Kwa inu anyamata, foni yomwe mumaonerera Akongoyo ili ndi pojambulira mawu. M'midzi ya kwa Kabudula, kwa Khongoni ndi kwa M'bwatalika mukadali nkhalamba zimene zinkaimba banjo, kaligo ndi bangwe pa mowa wa masese inu musanabadwe, ndipo chaka chilichonse tikuika ena m'manda pamodzi ndi zonse zimene zala zawo zinkadziwa. Funsani kwa anyakwawa, akulozerani khomo. Popita mutenge paketi ya shuga, ndipo mukafika musathamangire kupempha nyimbo. Yambani mwawapatsa gitala yanu kuti aichune m'mene ankachunira iwo, inu foni ili m'manja mukujambula, kuyambira nsambo yoyamba mpaka yomaliza.